Khofi salimidwa ndi munthu mmodzi: zimene taphunzira ku Misuku

Chaka chilichonse msika wa fodya ukatsekedwa, m'misonkhano yathu mumamveka funso limodzi: kodi tilime chiyani china chotibweretsera ndalama? Ambiri amatchula khofi. Ife tikuti khofi ndi mbewu yabwino ndithu, koma mlimi asanakumbe dzenje ngakhale limodzi, ayambe wakaona ndi maso ake momwe anzake amalimira, ndiponso ayambe walowa m'gulu. Ili ndilo phunziro lalikulu limene ena mwa ife tinabwera nalo titakacheza ndi alimi a khofi a m'mapiri a Misuku, m'boma la Chitipa.

Khofi si mlendo m'dziko muno. Mbande zoyamba zinafika ku Blantyre Mission mu 1878 kuchokera ku Edinburgh, ndipo pofika chaka cha 1900 khofi ndiye anali patsogolo pa mbewu zogulitsa kunja. Pasanapite nthawi mitengo inagwa pamsika wa dziko lonse, tizilombo tinavuta, ndipo eni minda ambiri anatembenukira ku fodya, thonje ndi tiyi. Mbiri imeneyi ikutichenjeza kuti mbewuyi siyolowamo mothamanga.

Choyamba chimene tinaona n'chakuti khofi amasankha malo. Khofi wa Arabica, amene amalimidwa kuno, amafuna malo okwera, ozizira, a mvula yokwanira ndi dothi lakuya losadikha madzi. Mlimi wa kuchigwa kotentha asadzivute, angotaya ndalama.

Chachiwiri ndi kudekha. Mbande zimakhala ku nazale miyezi yambiri zisanawokeredwe. Maenje amakumbidwa mvula isanagwe n'kuthiramo manyowa owolerana bwino. Mtengo ukagwira, mlimi amadikira zaka zitatu kuti athyole zipatso zoyamba. M'zaka zonsezo akupalira, akuphimbira nthaka ndi udzu, akuthenera nthambi, akuthira feteleza, osalandira ngakhale tambala. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Alimi a ku Misuku amabzala nthochi pakati pa khofi, ndipo nthochizo zimapereka mthunzi, chakudya ndi kandalama kogulira mchere ndi sopo pamene akudikira.

Adani nawo alipo: matenda a dzimbiri la masamba, matenda odetsa ndi kuyoyola zipatso, komanso mbozi yoboola thunthu imene imaumitsa mtengo wonse. N'chifukwa chake mtundu wa mbande uli ndi kanthu. Catimor amapirira dzimbiri, pamene Geisha amatamandidwa ndi ogula chifukwa cha kukoma kwake. Mbande zogula m'mbali mwa msewu, zosadziwika mtundu, zingamugwetse mlimi m'mavuto amene adzawazindikire patatha zaka zitatu.

Koma chimene chinatitsegula maso kwambiri ndi ntchito ya nthawi yokolola. Amathyola ndi manja zipatso zofiira zokhazokha, n'kubwerera pamtengo womwewo kangapo pamene zina zikupsa. Zipatsozo ziyenera kufika pamakina osendera tsiku lomwelo. Zikagona, zimayamba kusasa ndipo khofi amatsika giredi. Akasenda, njere amazivundika, amazitsuka ndi madzi oyera, kenako amaziyanika pathandala mpaka chinyezi chitatsika kufika pa 11 kapena 12 peresenti. Pamafunika makilogalamu 5 kapena 6 a zipatso kuti papezeke kilogalamu imodzi ya khofi wotumiza kunja.

Tsono tidzifunse: ndi mlimi uti wa mitengo mazana angapo amene angagule yekha makina osendera, kukoka madzi, kumanga mathandala, kulipira galimoto ndi kupeza wogula ku Ulaya? Palibe. Mutu umodzi susenza denga. Mlimi amene ali yekha amagulitsa kwa venda aliyense wofika pakhomo, pamtengo umene vendayo wanena.

Anzathu a kumpoto anadutsa m'njira imeneyi. Kale ulimi wa khofi wa alimi ang'onoang'ono unkayendetsedwa ndi bungwe la boma la Smallholder Coffee Authority. Mu 1999 unaperekedwa m'manja mwa Smallholder Coffee Farmers Trust, ndipo mu 2007 panabadwa Mzuzu Coffee Planters Cooperative Union, mgwirizano wa makopaletivi a alimi a ku Misuku, Phoka, Viphya, Nkhata Bay, Mzimba ndi Ntchisi. Dzina la Mzuzu Coffee linatchuka m'masitolo chifukwa alimi anaphatikiza zokolola zawo n'kumagulitsa ndi mawu amodzi.

Ena akuti kopaletivi imachedwa kulipira pamene venda amapereka ndalama pompopompo. Dandaulo limeneli ndi lomveka, pakuti fizi ya mwana siyidikira. Koma mankhwala ake si kugulitsa mozemba. Khofi akathawira kwa mavenda, kopaletivi imalephera kukwaniritsa zimene inalonjeza ogula, ndipo chaka chotsatira tonse timalira. Chofunika ndi kuumiriza atsogoleri athu kuti aziwerenga malipoti a chuma poyera ndi kulipira gawo loyamba pa nthawi yake.

Palinso nkhani yatsopano. Mu 2023 mayiko a European Union anakhazikitsa lamulo lofuna kuti khofi wolowa kwawo azisonyeza malo enieni a munda umene wachokera, ndiponso kuti mundawo sunatsegulidwe podula nkhalango pambuyo pa 2020. Kalembera wotere mlimi payekha sangamuthe.

Choncho tikupempha boma ndi mabungwe otithandiza zinthu zinayi. Akonze misewu ya m'madera a khofi kuti zokolola zizituluka msanga. Achulukitse alangizi odziwa za khofi. Athandize makopaletivi kukhala ndi manazale a mbande zovomerezeka. Akambirane ndi mabanki za ngongole zoyamba kubwezedwa mitengo ikayamba kubereka, chifukwa ngongole ya miyezi isanu ndi umodzi siyigwirizana ndi mbewu ya zaka zitatu.

Kwa inu alimi anzathu a m'madera okwera, tikuti makalabu anu asonkhe ndalama, musankhe amayi, abambo ndi achinyamata, apite akaone minda ya khofi nthawi yokolola, m'miyezi yozizira ya June ndi July. Akafunse za mtengo wa mbande, za matenda ndi za kalipiridwe. Akabwerako, mukhale pansi ngati gulu, muwerengere bwino, kenako mukumbe maenje.