Makina otsuka mbale ku Kanyama: yambani mwafunsa kochokera madzi

Ana anga a ku Kanyama, kuyambira ku Old Kanyama mpaka ku Garden House, nkhani ya makina otsuka mbale yafika ndi kuno kwathu. Mumawaona pa Facebook ndi pa TikTok: mayi wotchena alongedza mbale m'kabati yoyera, adina batani, n'kukakhala pampando kumamwa tiyi. Mukapita ku Manda Hill mumawapeza ataimikidwa pafupi ndi mafiriji, ali waliwali. Tsono ena mwa inu mwayamba kuwerengera kuti chilimba chikakugwerani, kapena ku kitchen party anthu akaponya bwino, mugule amenewa. Musanamasule pansonga pa chitenje, tayambani mwakhala pansi tikambirane, pakuti safunsa anadya phula.

Ndiyambe ndi kuwachitira chilungamo makinawa, chifukwa si chinyengo ayi. Amene anapanga oyamba ogwira bwino ntchito ndi mayi, Josephine Cochrane wa ku Illinois m'dziko la America, amene boma la kwawo linamupatsa chikalata cha umwini wa luso limeneli mu 1886. Iye anali wopeza bwino, ndipo chimene chinkamupweteka mtima n'chakuti antchito ake ankamubenthulira mbale zake zadothi zamtengo wapatali. Atawaonetsa pa chionetsero chachikulu cha ku Chicago mu 1893, oyamba kugula anali a mahotela ndi malo odyera. M'nyumba za anthu wamba makinawa anadikira zaka zoposa 50 kuti ayambe kulowa, kufikira nyumbazo zitakhala ndi mipopi, madzi otentha ndi magetsi odalirika. Mfundo imeneyi muisunge. Ngakhale kumene anabadwira, makinawa anabwera pambuyo pa mpopi.

Makina amakono amatsuka mbale za anthu 12 ndi madzi osakwana chigubu chimodzi cha malita 20, ambiri amathera pa malita 10 mpaka 15. Madziwo amawatenthetsa kuposa mmene dzanja la munthu lingapirire, ndipo kutentha kotero kumapha tizilombo tambiri. Wogulitsa akakuuzani kuti makinawa amasunga madzi, sakunama. Koma mufunseni kuti akuyerekeza ndi ndani. Akuyerekeza ndi munthu amene amatsegula mpopi wa m'khitchini n'kuusiya ukuthira kufikira supuni yomaliza. Kodi ku Kanyama kuno alipo wotsuka motero?

Taonani mmene mayi wa kuno amatsukira. Amakhala pa kampando ndi mabeseni awiri. Loyamba lili ndi madzi pang'ono ndi kachala kamodzi ka Boom, lachiwiri ndi lotsukuluzira. Amayamba ndi makapu, kenako mbale za nsima, za ndiwo zamafuta pambuyo, mapoto n'kumalizira. Madzi otsukuluzira sawataya, amaviikira poto wina kapena kukolopera pakhonde. Munthu amene wanyamula yekha chigubu pamutu kuchokera pa kiyosiki ya Kanyama Water Trust amalidziwa dontho lililonse, ndipo palibe makina amene angamuphunzitse kusunga madzi. Chimene chimamutopetsa kwambiri ndi mzere wa pampopi m'mamawa, zigubu zitandandalikana, wilibala ikukakamira m'matope. Makina otsuka mbale sapita kukatunga. Ambiri mwa iwo salandiranso madzi a m'chigubu. Amafuna paipi yobwera ndi mphamvu yake, ndipo madzi akamangodontha kapena akaduka pakati, amaima n'kuyamba kulira. Alipo ang'onoang'ono othira madzi ndi jagi, koma amenewo mbale za banja la anthu 8 sizikwanamo.

Kenako funsani kuti madzi akudawo akatuluka apita kuti. Apa ndiye pagona nkhani yathu ife a ku Kanyama. Dera lathu lakhala pa thanthwe, malo ake ndi athyathyathya, ndipo madzi a pansi pa nthaka ali pafupi kwambiri. Mvula ikagwa masiku awiri, mabwalo amasanduka madambo, zimbudzi zokumba zimasefukira, zonyansa n'kulowa m'zitsime zosaya zimene anthu amatungamo. Nyumba zambiri zilibe paipi ya suweji. Simunaiwale kolera amene anayamba mu Okutobala 2017, anthu oposa 5,000 n'kudwala mu Lusaka muno. Mu Januwale 2018 boma linatiletsa ife a ku Kanyama kuyenda usiku, asilikali anadzaza m'misika, malonda a m'misewu anaimitsidwa, mpaka anthu anachita zipolowe. Matendawa anabweranso mu Okutobala 2023, bwalo la mpira la National Heroes linasanduka chipatala, ana anatsegulira sukulu mu Febuluwale 2024, ndipo m'dziko lonse anthu oposa 700 anamwalira. Munthu wokhala pamalo otere akakhala ndi ndalama zoti aike pa ukhondo wa m'khitchini, ayambe ndi madzi olowa ndi madzi otuluka. Kulumikiza makina amene azilavulira madzi amafuta pabwalo pomwe ana a pa yadi yonse amasewerera ndi kuitana mkangano ndi anansi, mwinanso matenda.

Za magetsi sindichulukitsa, mukuzidziwa kuposa ine. Chilala cha 2024, chimene Pulezidenti Hakainde Hichilema anachilengeza kuti ndi tsoka la dziko pa 29 Febuluwale, chinachepetsa kwambiri madzi a m'nyanja ya Kariba kumene amapangira magetsi, ndipo pofika Seputembala chaka chomwecho ZESCO inkazimitsa magetsi mpaka maola 21 pa tsiku. Makinawa nthawi zambiri amafuna ola limodzi ndi theka kapena kupitirira, ndipo ulendo uliwonse amadya pafupifupi yuniti imodzi chifukwa chotenthetsa madzi. Kasola kakang'ono ka pa denga kamene kamayatsa mababu ndi kutchaja foni sikangawakoke. Ndipo ngati mita ndi imodzi pa yadi yonse, alendi anzanu amene amakangana kale za ayironi ndi chitofu adzakusiyani?

Tsopano tibwere pa poto weniweniyo. Makinawa anawapangira mbale zadothi, matambula ndi mafoloko. Ife timadya nsima. Mukapakula, m'poto mumatsala nkhoko zouma gwa, zofuna kuviikidwa ndi kupalidwa ndi supuni. Kunja kwa poto kuli mwaye wa malasha a pa mbaula, umene umachoka ndi phulusa, mchenga kapena waya wokwechera, mkono ukugwira ntchito. Makina amangowaza madzi, sapala. Mapoto athu a aluminiyamu, aja amasula m'komboni ndi ogulidwa ku Soweto Market, akalowa m'makina amada n'kuchita mathothomathotho chifukwa cha ukali wa sopo wake. Mthiko ndi chipande, poti ndi zamtengo, zimang'aluka. Mbale zapulasitiki zotchipa zimapindika ndi kutentha. Ndiye werengani: poto wa nsima pamanja, poto wa nyemba wopserera pamanja, mthiko pamanja. Chatsala n'chiyani? Makapu ndi mbale, zomwe ngakhale mwana wa giredi 4 amatsuka asanamalize kuimba nyimbo imodzi.

Walira mvula walira matope. Makinawa sadya Boom kapena sopo wamtanda wa pa kantemba, chifukwa thovu lake limasefukira. Ali ndi sopo wawowawo, wogulitsidwa m'masitolo akuluakulu, amene simungagule pang'onopang'ono monga timagulira ufa wa pamela. Amafunanso mchere wapadera. Madzi a m'mijigo ya mu Lusaka amadutsa m'miyala ya laimu, ndipo mukafuna umboni suzumirani m'ketulo yanu muone zoyera zomatirira pansi. Zomwezo zimakamatira m'timapaipi ta makina. Akawonongeka, mnyamata wokonza mafiriji ndi mawailesi wa pa msika mwina sanawatsegulepo chibadwire, ndipo kachitsulo kakufako kangafunike kuitanitsa kunja. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mapeto ake chinthu chimene mtengo wake ukanalipira lendi miyezi yambiri chidzangokhala pakona ya chipinda, chitayalidwa kansalu, pamwamba pali wailesi.

Koma abambo, musafulumire kuwomba m'manja kuti nkhalamba yatiyankhulira. Ndamvapo ena a inu mukunena pa bawa kuti, “Makina a chiyani, ine ndinalowola.” Mawu amenewo ndi ochititsa manyazi. Mkazi akayamba kulota makina otsuka mbale, chimene akukuuzani n'chakuti watopa. Wadzuka 4 koloko kukaoda tomato ku Soweto, wakhala padzuwa tsiku lonse akugulitsa, wabwera waphika, ndipo inu mwasamba m'manja n'kukankhira mbale uko. Makinawo ndawakana, koma kutopako n'koona, ndipo kukufuna yankho lochokera kwa inu.

Nanga m'nyumba zambiri muno amatsuka mbale ndani? Tinene mosabisa. Ndi kamtsikana kaja munakakatenga kumudzi, ku Katete kapena ku Petauke, mutalonjeza makolo ake kuti kadzaphunzira sukulu m'tauni. Ndiko koyamba kudzuka ndi komaliza kugona. M'nyengo yozizira ya Juni mumakapeza kali pabwalo kusanache, manja atachita dzanzi m'beseni, zala zitasuwa ndi sopo, pamene ana anu obereka akadafunda. Kakachedwa pamzere wa madzi, kusukulu kapeza geti atatseka. Mayeso a giredi 7 akatuluka, mumati mutu wake ndi wouma. Mutu wouma uti, poti buku kanalitsegula liti? Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Tsiku lina mudzadwala, ana anuwo ali kutali, ndipo amene adzakutembenuzeni pamphasa angadzakhale yemweyu munamusandutsa wantchito wosalipidwa. Banja limene likukambirana zogula makina pamene mwanayu alibe nthawi yolemba homuweki layamba kukambirana nkhani yolakwika.

Ndipo anyamata anu aja, zaka 14, 16, manja onse ali bwinobwino, akungotsetsereza chala pafoni? Anakuuzani ndani kuti mwamuna akagwira mbale ndevu sizimera? M'mahotela a mu Lusaka muno ndi m'malesitilanti a ku Town Centre, amuna ambirimbiri amatsuka mapoto tsiku lonse n'kudyetsa mabanja awo. Ku sukulu zogonera komweko mnyamata aliyense amatsuka mbale yake. N'chifukwa chiyani akafika kunyumba manjawo amafota? Kuwongola mtengo m'poyamba. Mnyamata amene sanaphunzire kutsuka poto kwa amake adzakhala mtolo kwa mwana wa eni ake. Ikani lamulo pakhomo: aliyense wadya achotse mbale yake, masiku agawidwe, Lolemba uyu, Lachiwiri uyo, bambo nayenso atenge tsiku lake ngakhale Lamlungu lokha. Mutu umodzi susenza denga.

Ndalama zija munasunga zili ndi ntchito yambiri yoti zigwire. Ngati nyumba ndi yanu ndipo paipi ya Lusaka Water kapena ya Trust yadutsa pafupi, kokani mpopi ufike pakhomo. Chimenechi chokha chimabweza maola ambiri pa sabata kwa mayi ndi mwana wamkazi. Gulani dramu yokhala ndi chivundikiro ndi kampopi kake, kuti anthu asamaviike kapu ndi dzanja m'madzi. Mangani sinki ya simenti yofika m'chiuno, pakuti msana wa amayi ambiri unathera pa kuwerama, ndipo madzi ake alowe m'dzenje la miyala lakutali ndi chitsime. Khomani thandala kuti mbale ziziuma padzuwa, kutali ndi agalu ndi nkhuku, m'malo mozipukuta ndi kansalu kamodzi komwe kapukuta manja a nyumba yonse. Nyengo ya mvula musasowe botolo la klorini, ndipo madzi otsukuluzira mbale nawonso athiridwe, osati akumwa okha. Zonsezi pamodzi mwina sizingafike pa mtengo wa makina aja.

Sindikuti palibe woyenera kugula. Ngati Mulungu wakudalitsani, mwamanga nyumba yanu ku Makeni kapena kwina kumene muli ndi mjigo, thanki pamwamba, dzenje la suweji ndi magetsi okwanira, nonse awiri mumagwira ntchito ndipo mumadyera m'mbale zadothi, gulani, adzakutumikirani. Amene mumaphikira maukwati ndi matebeto, mbale mazanamazana Loweruka lililonse, inunso mukhoza kukhala pansi ndi cholembera n'kuona ngati zikutuluka. Koma musagule chifukwa mnzanu wa ku tchalitchi wajambulitsa ali pambali pa ake, ndipo musayerekeze n'komwe kutengera ngongole ya kaloba. Nkhuyu zodya mwana zimapota wamkulu: wokongozayo akadzabwera kudzanyamula firiji ndi matiresi, ndi ife makolo anu amene mudzatidzutse usiku.

Inu alangizi ndi amayi a m'makomiti a kitchen party, mwana akakulemberani makina otsuka mbale pa mndandanda wa mphatso, musamuseke kapena kumukalipira. Pitani mukaone nyumba imene akukalowayo. Mukapeza kuti mpopi uli kutali, sonkhanitsani ndalamazo mumukokere madzi, ndipo mwamuna wakeyo mumuitane mumuuze pamaso pa ankhoswe kuti mbale za m'nyumba imeneyo ndi zakenso.