Chikalata cha Zofuna za Anthu a ku Chadiza pa Mabodza a pa Foni ndi Kuchedwa kwa Nkhani za Boma

Kwa Bwana DC wa boma la Chadiza, Mlembi wa Khonsolo ya Chadiza, Mkulu wa ZICTA, ndi Olemekezeka Nduna ya Zofalitsa Nkhani.

Ife alimi, amalonda, aphunzitsi, amayi ndi achinyamata a m'madera a Mfumu Zingalume, Mfumu Mlolo ndi Mfumu Mwangala talemba kuti muchitepo kanthu. Malipiro anu amachokera m'misonkho yathu, ndipo kutiuza zoona pa nthawi yake ndi ntchito imene munalembedwera.

Vutoli mukulidziwa. Kuno nkhani imayamba kufika pa WhatsApp ndi pa Facebook. Mlimi amamva mawu ojambulidwa ndi munthu wosadziwika, akuti feteleza wa FISP agawana a chipani, akuti FRA sigula chimanga chaka chino, ndiye amataya matumba ake kwa ogula oyendayenda pa mtengo wolira nawo. Zoona zikamafika, kawirikawiri zili m'Chingerezi, ndipo nkhokwe yatha kale. Anthu onamizidwa chonchi chaka ndi chaka amasiya kukhulupirira aliyense, ngakhale namwino wobwera ndi katemera.

Kumene mphekesera zimathera tinakuona mu 2020, nthawi ya gassing, pamene magulu a anthu olusa anapha anthu okwana 50 m'dziko muno pongowaganizira kuti ndiwo ankapopera mankhwala oopsa m'nyumba za anthu. Tinaonanso pa 12 Ogasiti 2021, tsiku la chisankho, WhatsApp, Facebook ndi Twitter zitatsekedwa mpaka bungwe la Chapter One Foundation litakadandaula ku High Court. Kutsekako kunangochititsa anthu kuganiza kuti pali chimene chikubisidwa. Tsopano pali Cyber Security Act ndi Cyber Crimes Act za mu Epulo 2025, malamulo amene ambiri kuno sitinawamvepo m'chinenero chathu. Wofalitsa bodza akupitiriza, koma wofuna kufunsa za ndalama za boma pagulu la WhatsApp akuopa kumangidwa.

Access to Information Act inasainidwa mu Disembala 2023. Lamuloli ndi la anthu a ku Chadiza monga lilili la anthu a ku Lusaka. Choncho tikufuna izi.

Choyamba, pasanathe masiku 30, Khonsolo imate m'wadi iliyonse, pa sukulu, pa chipatala ndi pa msika, ndondomeko yonse ya thumba la chitukuko la CDF m'Chinyanja: ntchito iti, mudzi uti, ndalama zingati, kontrakitala ndani, idzatha liti, ndiponso magulu amene alandira ngongole ndi thandizo. Thumbali linali K1.6 miliyoni mu 2021, linakwera kufika K25.7 miliyoni mu 2022, ndipo mu 2025 linali K36.1 miliyoni. Ndalama zochuluka chonchi zikamayenda popanda chikalata choti aliyense awerenge, anthu amadzipangira okha nkhani ya kumene zapita, ndipo andale amaitola n'kupita nayo ku misonkhano. Ndondomekoyi izimatidwanso miyezi itatu iliyonse.

Chachiwiri, pasanathe masiku 14, ofesi ya DC pamodzi ndi ZANIS ilengeze nambala imodzi ya foni ndi dzina la ofisala woyankha. Mphekesera iliyonse yokhudza feteleza, matenda, chitetezo kapena chisankho iyankhidwe pasanathe maola 48. Yankholo likhale la mawu ojambulidwa m'Chinyanja, chifukwa si onse amawerenga, ndipo litumizidwe kwa anyakwawa, makhansala, atsogoleri a mipingo ndi mawailesi amene timamvera monga Breeze FM, Radio Maria ndi ZNBC Radio 1.

Chachitatu, masiku olandirira zipangizo za FISP, malo a madepoti a FRA, mtengo wa thumba la makilogalamu 50 ndi tsiku lolipira alimi zilengezedwe kutatsala masiku 21.

Chachinayi chikupita kwa ZICTA. Mu Malichi 2022 munavomera pamaso pa khoti kuti simudzadula intaneti kunja kwa lamulo, ndi kuti ikaduka mudzafotokozera anthu pasanathe maola 36. Tikufuna lonjezo lomwelo lilengezedwe pa wailesi m'Chinyanja pasanathe masiku 30, komanso chisankho chilichonse chisanachitike. Pasanathe masiku 60 mutipatsenso mndandanda wa midzi ya Chadiza yopanda netiweki, makamaka ya kumalire ndi Mozambique, ndi mwezi umene nsanja iliyonse idzaimikidwe. Kumidzi yotereyi nkhani imabwera ndi munthu mmodzi wochokera ku boma, ndipo palibe womutsutsa.

Chachisanu, pasanathe masiku 60, Unduna wa Zofalitsa Nkhani umasulire malamulo awiri a 2025 aja m'Chinyanja, ndipo apolisi adzawafotokoze pa misonkhano ya mafumu, anthu afunse mafunso. Tikufuna zinenedwe poyera kuti kufunsa za ndalama za boma kapena kudzudzula mtsogoleri si mlandu. Koma wolemba uthenga wouza anthu kuti akaphe mnzawo, kapena wonyoza mtundu wa ena pofuna mavoti, akaonekere kukhoti, kaya ndi wa chipani cholamula kaya chotsutsa.

Tikuyembekeza yankho lolembedwa pa mfundo iliyonse pasanathe masiku 21 kuchokera tsiku limene mwalandira chikalatachi. Makope tapereka kwa mafumu athu atatu ndi kwa phungu wathu wa ku Nyumba ya Malamulo. Masikuwo akatha popanda yankho, tikatula dandaulo ku Human Rights Commission, imene lamulo la 2023 linaipatsa mphamvu yoyang'anira nkhani zotere, ndipo tidzawerenga chikalatachi pa wailesi pamodzi ndi maina a maofesi amene sanayankhe.

Ndife anthu a m'boma la Chadiza amene tasaina pansipa.