Madzi a M'mitambo Yobala Nyenyezi: Chipangizo Choyezera Chikusowa

Kuyeza madzi m'mitambo ya gasi ndi fumbi momwe nyenyezi zimabadwira n'kovuta tili pansi pano, popeza chinyezi cha mumpweya wathu chimatchinga. N'chifukwa chake makina a Herschel adatumizidwa kuthambo mu 2009. Mu 2012 adapeza mumtambo wa L1544 nthunzi yokwanira kudzaza nyanja zamchere zonse koposa ka 2,000. Komatu nthunziyo ndi kachigawo chabe. Madzi ochuluka adaundana pafumbi.

Herschel adasiya ntchito mu 2013, ndege ya SOFIA mu 2022. James Webb amaona madzi oundanawo, monga ku Chamaeleon I mu 2023, koma nthunzi yozizira saiona. Ife tikuona kuti mpaka Herschel atapeza womulowa m'malo, kafukufuku wa komwe madzi a dziko lathu adachokera ayenda motsimphina.