Nyumba za m'mipanda ku Maputo: lendi si ndalama yokhayo yolipira

Chaka chilichonse mabanja a ku Angónia, Tsangano ndi Macanga amagulitsa chimanga, mbatatesi kapena fodya kuti mwana akaphunzire kapena kukayamba ntchito ku Maputo. Nkhawa yaikulu ya makolo imakhala chitetezo, n'chifukwa chake ambiri amakopeka ndi nyumba za m'mipanda zokhala ndi alonda pachipata, zomwe zimatchedwa condomínio. Koma mtengo wolembedwa pa zotsatsa za pa Facebook ndi gawo chabe la ndalama zomwe zimafunika.

Nyumba zotere zachuluka m'madera a Sommerschield, Costa do Sol ndi Triunfo, komanso ku Matola. Chimodzi mwa zomwe zazichulukitsa ndi mantha, makamaka kuchokera cha m'ma 2011 pomwe kuba anthu amalonda pofuna dipo kunayamba kumveka kawirikawiri. Ena omwe amazifuna ndi ogwira ntchito m'maofesi a akazembe ndi m'makampani akuluakulu, amene lendi amawalipirira ndi owalemba ntchito. Motero eni nyumba ambiri amatchula mtengo m'madola.

M'madera amenewa si zachilendo kuti lendi ipitirire madola 1,000 pamwezi. Popeza dola imodzi yakhala ikusinthidwa ndi mametikali pafupifupi 64, ndiye kuti ndi mametikali oposa 60,000. Mu 2025 malipiro otsikitsitsa a wogwira ntchito zaulimi sanafike mametikali 7,000 pamwezi. Lendi ya mwezi umodzi ingathe kudya thukuta la miyezi 9.

Anthu a mumzinda wa Tete zoterezi amazidziwa. Kampani ya Vale itayamba kukumba malasha ku Moatize mu 2011, lendi inakwera kwambiri chifukwa cha alendo omwe ankalipiriridwa nyumba ndi makampani.

Tsiku lolowa m'nyumba ndilo limapweteka kwambiri. Kuwonjezera pa lendi, mwini nyumba amafuna chikole, chomwe chimatchedwa caução, ndipo ena amafuna lendi ya miyezi ingapo pakamodzi. Mkhalapakati amene wapeza nyumbayo amafunanso yake. Kenako pali ndalama ya mwezi ndi mwezi yolipirira alonda, kutaya zinyalala ndi pampu ya madzi. Nyumba zina ndalamayi imakhala kale mu lendi, zina ayi. Magetsi a Credelec, madzi, gasi ndi intaneti wolowayo amalipira payekha.

Vuto la mlimi n'lakuti ndalama zake zimabwera kamodzi pachaka, akakolola, pomwe lendi imafunika mwezi uliwonse, ngakhale mu Januwale ndi Febuluwale pomwe nkhokwe zimakhala zitapepuka. Banja lowerengera mwezi woyamba wokha limatha kugulitsa ng'ombe kapena chimanga chakudya chaka chisanathe.

Njira zotsikirapo mtengo zilipo. Ku Zimpeto, kuphatikizapo nyumba za Vila Olímpica zomwe zinamangidwira masewera a mayiko a mu Africa a 2011, lendi ndi yochepa poyerekeza ndi ya kugombe, ngakhale ndalama ya chapa imakwera chifukwa cha mtunda. Ophunzira ambiri amagawana nyumba kapena kulowa kanyumba ka kuseri kwa nyumba yaikulu, ka dependência.

Chotetezera banja ndi mgwirizano wolembedwa, wonena amene alipire ndalama ya alonda, nthawi yokwezera lendi ndi mabwezedwe a chikole. Ndalama isatumizidwe pa M-Pesa kapena e-Mola wachibale wodalirika asanaone nyumbayo ndi mwini wake.