Belo Si Malonda

Nonse mwamva za apolisi aja amene anasunga mnyamata m'chitokosi masiku anayi, kudikira kuti mayi ake agulitse mbuzi "ya belo". Akuluakulu awo akuti akufufuza. Adzafufuza mpaka mbuziyo tidzaiwale mtundu wake. Pamene akufufuzapo, tiyeni tifunse liwu lomwe akugulitsalo, chifukwa mbiri yake ikuwatsutsa.

Liwuli tinalitenga kwa Angerezi, amene amati bail, koma nawonso anachita kubwereka. Anthu a ku Normandy atalanda England mu 1066, Chifalansa chinalamulira m'makhoti kwa zaka mazanamazana, ndipo liwuli linachokera ku baillier, kupereka munthu kapena chinthu m'manja mwa wina kuti asunge. Gwero lake ndi Chilatini bajulare, kusenza katundu, ndipo bajulus anali wamtengatenga. Belo ndi mtolo basi. Mboni yoimira woganiziridwa imasenza udindo woonetsetsa kuti munthuyo adzafika kukhoti tsiku la mlandu. Ngakhale ndalama imene khoti limalamula ndi chikole, chimabwezedwa mlandu ukatha ngati munthu sanathawe. Kuyambira ku Roma mpaka kuno, palibe pamene liwuli linatanthauzapo kugula.

Ndiye pali anzeru athu aja amati, "Kangachepe n'kuthokoza chabe, apolisi amalandira zochepa." Kuthokoza kwamtundu wanji kumene kumafunsidwa chitseko chili chokhoma, mwana wa eni akudyedwa ndi nsikidzi? Kuthokoza kokambirana mtengo? Ngati malipiro ochepa ndi chiphaso cha bizinesi, ndiye namwino ayambe kubwereketsa bedi, mphunzitsi aike mayeso pabenchi pambali pa tomato. Anzeru omwewo akasowa chonena amatembenuka n'kumati belo imangotulutsa mbava. Gawo 42 la malamulo oyendetsera dziko a 1994 likunena kuti womangidwa aonekere kukhoti pasanathe maola 48, ndipo ali ndi ufulu wotuluka, ndi belo kapena popanda belo, pokhapokha ngati chilungamo chikufuna kuti asungidwe. Woweruza kuti uyu ndi mbava si wapolisi wapakauntala. Ndipo belo ikakhala pamalonda, mbava yeniyeni ndiyo imatuluka dzuwa lisanalowe, poti thumba ili nalo. Wotsala m'chitokosi ndi mwana wa mayi wopanda mbuzi.

Belo ya kupolisi ndi yaulere. Wapolisi akakutchulirani mtengo, m'funseni dzina lake ndi lisiti, kenako kam'nenezeni ku bungwe lolimbana ndi ziphuphu.