KABOLODI KANU SI DOTI, NDI PAKAMWA PA BIZINESI YANU

Amai na atate a pa Kapata, a pa Saturday Market, a ku Down Shops, na inu a ku Kasenengwa amene mumalawirira na tomato pa njinga, tamvani kuno.

Kuchokera pamene Chipata inakhala city mu February 2017, nyimbo ya akuluakulu ndi imodzi: tauni ikhale yaukhondo. Palibe wokana. Koma yang'anitsitsani chimene chala chimaloza akamanena doti. Ndi kabolodi kanu ka choko konena kuti muchaja mafoni. Ndi kakatoni ka mtengo wa kapenta. Ndi kansalu ka telala pakhomo. Nanga chikwangwani cha kampani, chachitali kupambana nyumba m'mbali mwa Great East Road? Ati chimenecho ndi chitukuko!

Kampani ikafuna makasitomala imalipira pa Breeze FM. Inu a salaula muli na chiyani? Kabolodi chabe. Akulu anati fumbi ndiwe mwini. Wochotsa kabolodi ako wakutsekani pakamwa, ndipo kasitomala apitirira osadziwa kuti bhelo yatsopano yatsegulidwa lero.

Mphamvu a kanso ali nayo, zoona. Constitution ya 2016 inaika zikwangwani, misika na malonda a mumsewu m'manja mwa makanso. Bolodi yotseka ngalande kapena njira ya anthu oyenda pansi ichoke, ifenso tivomera. Koma lamulo silili mbali imodzi. Business Regulatory Act ya 2014 imanena kuti bungwe la boma lisanabweretse lamulo latsopano lokhudza mabizinesi, liyambe lafunsa eni mabizinesiwo kwa masiku osachepera 30. Manje tiuzeni: ndani wa inu anaitanidwapo kukakamba za kukula kwa bolodi, malo oikapo, kapena mtengo wake?

Kumbukirani Lusaka. Mu January 2018, nthawi ya kolera, asilikali anachotsa ogulitsa m'misewu. Mu July 2023 ogulitsawo anachotsedwanso. Kuyeretsa tauni kukayamba, sikugogoda pakhomo. Amene alibe pepala m'manja ndiye amalira.

Ndiye chifukwa chake zinthu izi zifunika manje manje, mathiraki asanafike:

1. Malamulo a zikwangwani alembedwe mu Chinyanja, amatidwe pa geti ya msika uliwonse: kukula kwake, poika pake, mtengo wake. Mtengo wosalembedwa umasintha na nkhope ya munthu, ndipo ndi mmene ziphuphu zimalowera.

2. Kabolodi kakang'ono ka pa sitandi panu kakhale kaulere. Mumalipira kale levi ya pa msika. A mashopu amalipira business levy na fire certificate. Ng'ombe imodzi muikama kangati pa tsiku?

3. Bolodi ikalakwika, mwini wake apatsidwe kalata na masiku okonza. Akatenga katundu, asiye risiti ya kanso yokhala na dzina la wotengayo. Palibe risiti, palibe kulipira.

4. Muyeso ukhale umodzi. Mapositala a kampeni amawola pa mitengo na pa mapolo a malaiti masankho atapita kalekale. Achoke poyamba amenewo, a chipani chilichonse, na athu omwe.

5. Pa geti ya msika pakhale bolodi imodzi yaikulu yoonetsa kumene kuli nsomba, salaula, ma telala na okonza mafoni. CDF inakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni mu 2022, ndipo yakhala ikukwerabe. Thabwa na penti zingavute?

Inu a ku Kasenengwa, boma lanu ndi la 2018, likali kumangidwa. Mwayi ndi uno. Malo a zikwangwani alowe mu pulani misika isanamangidwe, osati kudzathamangitsana na apolisi a kanso pambuyo pake.

Makhansala munawavotera ndinu. Pitani kwa khansala wanu, pitani ku Ward Development Committee, mutengane na komiti ya pa msika. Funso ndi limodzi: lamulo la mabolodi lili kuti, tiliwerenge? Akati kulibe, afunseni kuti nanga ndalama amatolera pa lamulo liti.

Tumizani uthengawu kwa mnzanu wa pa sitandi yoyandikana nanu. Lero ndi kabolodi kake, mawa ndi tebulo lanu.