Barry Norman: Mtolankhani Amene Sanaope Nkhope za Anthu Otchuka

Mwezi uno tikambirane za mtolankhani wina wa ku Britain, Bambo Barry Norman, amene ntchito yao inali kuonera mafilimu ndi kuuza anthu ngati ali abwino kapena achabe. Kapena wina afunsa kuti, kodi nkhani yotere ifunanji m'magazini ya mpingo? Ifunika ndithu, pakuti mafilimu analowa kale m'makomo mwathu kudzera pa wailesi yakanema ndi pa lamya za m'manja, ndipo ana athu akuwaonera popanda wowathandiza kusankha.

Bambo Norman anabadwira ku London m'chaka cha 1933. Atate ao, a Leslie Norman, anali okonza mafilimu, ndipo ndiwo anatsogolera ntchito yojambula filimu yotchedwa Dunkirk ya mu 1958. Mwanayo sanatsate ntchito ya atate ake, koma anasankha utolankhani, nayambira pa nyuzipepala yaing'ono ya Kensington News. Ali mnyamata anadza kuno ku Africa, nalembera nyuzipepala ya The Star ku Johannesburg, kenaka Rhodesia Herald ku Salisbury, mzinda umene lero ndi Harare. Imeneyi inali nthawi imene abale athu ambiri anali pa ntchito m'mizinda yomweyo. Tsankho limene anaona kumeneko analida kwambiri.

Atabwerera kwao analemba nkhani za anthu otchuka m'nyuzipepala ya Daily Sketch, ndipo pambuyo pake anakhala mkonzi wa nkhani za zisangalalo ku Daily Mail. Koma mu 1971, pamene nyuzipepala ziwirizi zinaphatikizidwa, ntchito inawathera ali ndi mkazi ndi ana awiri aang'ono. Sanakhale pansi ndi kudandaula, koma anapitiriza kulembera nyuzipepala zina. Mu 1972 wailesi ya BBC inawapatsa pologalamu yofotokoza za mafilimu atsopano, ndipo anadziwika nayo kufikira mu 1998, pamene anasamukira ku wailesi yakanema ya Sky.

Nanga nchiyani chinawachititsa kukhalitsa chotero pa ntchito imene ena amangodutsapo? Nchifukwa chakuti anthu anakhulupirira mau ao. Eni mafilimu amataya ndalama zambiri poitanira malonda ao, ndipo amafuna kuti mtolankhani aliyense aziwayamikira. Bambo Norman ankayamba aonera filimu yonse, kenaka nanena poyera chimene aona. Ikakhala yabwino ankaiyamika, ikakhala yachabe ankanenanso chomwecho, ngakhale wosewera wake akhale wotchuka motani. Iwo eni anasimba kuti tsiku lina John Wayne, wosewera wotchuka wa ku America, ananyamuka pa mpando nafuna kuwamenya atasiyana maganizo pa za nkhondo ya ku Vietnam.

Ngakhale ankacheza ndi anthu a chuma ndi a mbiri, moyo wao wa kunyumba unali wodekha. Anakwatira Mayi Diana mu 1957, amenenso anali mtolankhani ndi mlembi wa mabuku, nakhala nao m'mudzi wa Datchworth. Banja lao linatha zaka 53, kufikira imfa ya mayiyo mu 2011. Bambo Norman anamwalira mu 2017 ali ndi zaka 83.

Sitikuwatchula pano monga mphunzitsi wa chikhulupiriro, koma monga mmisiri amene anagwira ntchito yake moona. Tsono funso lili kwa ife makolo: ndani akugwira ntchito yotere m'nyumba mwathu? Ambiri a ife timachita chimodzi mwa ziwiri. Ena timaletsa mafilimu onse osawaona nkomwe, ndipo ana amakaonera mobisa kwa anzao. Ena timangolekerera, bola mwana ali phee. Njira zonse ziwiri zimsiya mwana yekha. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Koma mwana sangadziwe za nyererezo ngati kholo silinang'ambe mkuyuwo iye akuona. Khalani naye pansi, onerani pamodzi, ndipo potha mumfunse: Kodi filimuyi ikulemekeza munthu wotani? Wakuba wathera kuti? Akazi akuwaonetsa motani? Chokoma muchiyamike, choipa muchitchule dzina lake. Mwana amene wamva kholo lake likuyamika moona adzalikhulupiriranso pamene lidzudzula.

Kwa inu achinyamata, makamaka amene mukhumba kudzakhala atolankhani, mau anga ndi awa: kutchuka kwa munthu si umboni wakuti zonse zimene achita nzolungama. Musatengere kavalidwe, kalankhulidwe kapena makhalidwe a munthu chifukwa chongomuona pa kanema. Kumbukiraninso kuti lamulo lachisanu ndi chinai, loletsa umboni wonama, likhudza wosinjirira ndi wosyasyalika yemwe. Wolemba amene ayamika chinthu choipa chifukwa cha mantha kapena mphatso wanamiza owerenga ake onse, ndipo akamtulukira sadzamkhulupiriranso.

Ambuye atipatse maso openya bwino ndi pakamwa ponena zoona. Tsalani bwino kufikira mwezi wa mawa.